Dzanja Limodzi la Yureya

Kalekale, koma osati kale lija anthu ankavala nyanda, ayi, feteleza anali atafika kale m'magolosale, kuchigwa cha kunsi kwa mapiri a Thyolo kunali mkulu wina, a Alufandika. Mkuluyu anali ndi khola la ng'ombe za nyama, zija za malinunda, zomwe ankanenepetsa n'kumagulitsa kwa abutchala. Anthu akamadutsa pakhomo pawo ankachepetsa liwiro la njinga kuti adyetse maso.

Ndiye kunagwa chaka choipa. Mvula inathawa msanga, udzu unauma mwezi wa Meyi usanathe, ndipo ng'ombe zinayamba kugwa imodziimodzi. Chomwe chinawaimitsa mutu a Alufandika n'chakuti ng'ombezo sizinkagona ndi njala. Udzu wouma unalipo wambirimbiri, mapesi analiponso. Koma akaitumbula ng'ombe yakufa ankapeza chifu chili chodzaza ndi udzu, pomwe nthiti zinkawerengeka munthu ali patali. Zinkafa zitakhuta. Pomwe mvula inkabwera, m'khola monse munali mutatsala ng'ombe imodzi yaikazi, ndipo anaitcha Chitsalira.

Chaka chotsatira Chitsalira anatenga bere, koma a Alufandika m'malo mosangalala anayamba kusowa mtendere. Mwezi wa Juni utangolowa mwera unayamba kuwomba, udzu unafiira, ndipo ng'ombe ija inayamba kuonda monga momwe zinayambira zinzake. Zakudya za ng'ombe za m'matumba zinalipo kusitolo ya kuboma, koma mtengo wake unali wa anthu a mafamu. Iwo eni nyamakazi inali itawagwira mawondo. Kuchoka pakhonde kukafika pakhola unali ulendo.

Anali ndi ana atatu. Woyamba anali Dafuleni, woumba njerwa, chimunthu cha manja ngati mafosholo, wolimbika ntchito koma wokonda kutamidwa. Wachiwiri anali Esinta, yemwe anabwerera pakhomo ndi ana awiri banja litatha, mayi wosalankhulalankhula. Wotsiriza anali Zuze, wachiwaya, yemwe ankakazinga tchipisi ndi nyama pamsika, ndipo ng'ombe akamaiyang'ana ankaona chiwindi ndi nthumbwana basi.

Tsiku lina a Alufandika anawaitana onse atatu pakhonde.

"Ana inu, mukuiona ng'ombeyo. Yayamba zija. Ikagwa imeneyi, khola langa latha, ndipo ine ndilibe zaka zoyambiranso. Miyendo yandikana. Amene aipulumutse mpaka ibereke, mwana wake ndi wake. Ndanena ine."

Mawu amenewa anawalankhula ndi mantha, ndipo munthu wamantha sawerengera bwino. Sanaganize kuti thole limabadwa limodzi pomwe ana ndi atatu.

Dafuleni ndiye anayamba kudzambatuka. Anapalasa njinga kupita kwa alangizi a ziweto, mayi Chikadza, kamayi kakafupi kolankhula mofulumira. Mayiyo anamufotokozera kuti udzu wouma ulibe zomanga thupi, ndipo m'mimba mwa ng'ombe muli tizilombo togaya udzu tomwe nato timafooka tikasowa chakudya chimenechi. N'chifukwa chake ng'ombe imakhuta koma n'kumaonda.

"Njira yotsika mtengo ilipo," anatero mayi Chikadza. "Madeya ndowa imodzi, mchere pang'ono, yureya dzanja limodzi. Inde, feteleza yemweyo wa kumunda. Koma muyambe ndi pang'ono kwambiri kuti izolowere, musakanize bwinobwino, ndipo zisanyowe. Mwamva, bambo? Zisanyowe. Mvula ikagweramo, madzi akewo ndi poizoni. Ikadzamwa mwangozi, muimwetse viniga ndi madzi ozizira msangamsanga."

Dafuleni anagwedeza mutu pa mawu alionse. Chimodzi chokha sanachite: sanayang'ane dzanja la mayiyo. Mayi Chikadza anali ndi kadzanja ngati ka mwana wasukulu. Dzanja la Dafuleni likatapa mtedza m'mbale, alendo ena ankangoyang'anana. Onse awiri ananena kuti dzanja limodzi, ndipo onse awiri ankanena zoona.

Tisamunamizire, mnyamatayu anavutika. Madeya nyengo imeneyo ankalimbirana ndi amayi otcheza kachasu, ndipo mtengo wake unakwera. Dafuleni anasiya njerwa zake n'kukapempha ganyu kuchigayo, kunyamula matumba ndi kusesa, malipiro ake madeya. Ankabwera madzulo ali mbuu, nsidze zoyera, akutsokomola. Pomwe ankayamba kuidyetsa, Chitsalira anali atafika poti akagona sankatha kudzuka yekha. M'mawa uliwonse, chisanu chikuluma zala, Dafuleni ankalowetsa chiguduli pansi pa mimba yake n'kumudzutsa ndi mphamvu za m'mapewa. Chodyera anapanga ndi bwato lakale lomwe linali kuseri kwa nyumba, ndipo ng'ombe ikamaliza kudya ankavundikirapo lata.

Zinagwira. Mwezi usanathe ng'ombe inayamba kudzuka yokha, n'kumadya udzu wouma ndi mapesi ngati yaona msipu. Ubweya unayamba kusalala. Dafuleni anayamba kuyenda chifuwa chili patsogolo. Pachiwaya cha mng'ono wake ankadya tchipisi za ulere uku akudzitama.

"Iwe Zuze, thole lija ndi langa kale. Akuti ikaledzera ndi madzi a yureya tizidzaimwetsa viniga wakoyu. Ng'ombe kudya saladi!"

Anaseka onse awiri. Koma kunyumba Dafuleni sankauza munthu zomwe ankasakaniza m'bwatomo. Ankaopa kuti mlongo wake angabe nzeru n'kudzalowa nawo pa thole.

Esinta sanapite kwa alangizi. Iye anakumbukira kuti chaka choipa chija mbuzi za mayi wina kutsidya sizinaonde, chifukwa zinkadya pa mulu wa masangwi a mtedza. Choncho anayamba kuyenda m'minda ya anthu omwe anali atakumba mtedza, kupempha masangwi anyamata osaka mbewa asanawatenthe. Ankapemphanso makoko a nandolo kwa amayi opuntha. Ena ankamuseka kuti banja litatha wayamba kutola zinyalala. Iye ankangosenza mtolo wake n'kumapita. Kuseri kwa khitchini kunakula mulu waukulu, ndipo sanapatseko ng'ombe ngakhale tsamba. Ankati, "Chilimwe n'chachitali. Izi n'za mtsogolo."

Ndiye mu Julaye kunagwa maliro kwa apongozi ake a Dafuleni, kutsidya kwa mtsinje. Podziwa kuti akagonako, Dafuleni anasakaniza chakudya cha masiku angapo nthawi imodzi, manja ake aja osaumira, n'kukhuthulira m'bwato, n'kuvundikira. Anauza mlongo wake kuti azivundukula m'mawa ng'ombe idye pang'ono, kenako azivundikiranso. Chifukwa chake sananene.

Atangochoka, chiperoni chinatsika m'mapiri. Inu mukuidziwa mvula imeneyi. Siigunda, siiwopseza, imangowaza ngati munthu akupemerera, koma imalowa paliponse. Esinta anaona mulu wake wa masangwi ukunyowa, mtima unamupweteka. Masangwi akanyowa amachita nkhungu, ndipo a nkhungu sungapatse ng'ombe ya bere. Thukuta la miyezi iwiri linali pafupi kuwola iye akuona. Anayang'ana uku ndi uku, pepala lapulasitiki panalibe, mphasa zinali zitanyowa kale. Anaona lata pa bwato. Anaganiza kuti madeya akanyowa palibe kanthu, nkhuku ndi nkhumba zimadya onyowa tsiku lililonse. Anatenga latalo n'kukavundikira masangwi.

M'mawa mwake madzi anali atadikha kumapeto kwa bwato, oyererako ngati otsukira mpunga. Chitsalira atatuluka m'khola analunjika pomwepo n'kumwa.

Sipanapite nthawi. A Alufandika ali pakhonde anaona ng'ombe ikunjenjemera khungu lonse. Dovu linayamba kutuluka kukamwa. Inayenda dzandidzandi ngati munthu wochokera ku mowa, mimba mbali ya kumanzere ikufufuma maso akuona, kenako inagwa chammbali, miyendo ikupalapata m'matope. Mkulu uja anaiwala nyamakazi. Anafika pakhola chokwawa.

"Esinta! Esinta iwe! Kaitane Zuze, abwere ndi mipeni! Ikufa! Tiizinge isanafe yokha, tipulumutseko nyama!"

Esinta anathamanga osavala ndi patapata. Mwamwayi anakumana ndi Zuze pamsewu, akuchokera kopikula katundu wa chiwaya, mbatata ndi mafuta ndi chigubu cha viniga zili pakaliyala. Mipeni yake sinkachoka m'chikwama. Ndinene zoona, Zuze sanapalase njingayo ndi chisoni. M'mutu mwake ankawerengera kale kuti mwendo wathako ndi chiwindi zikhala zake, ndipo sabata imeneyo chiwaya chake chinunkhira msika wonse.

Anafika, anatulutsa mpeni, anaunola pamwala. Anagwada pakhosi pa ng'ombe. Bambo ake ankalira ngati mwana.

"Cheka, mwanawe. Cheka msanga. Ine ndayang'ana kumbali."

Zuze anagwira nyanga kuti apotoze mutu, ndipo pamenepo maso ake anagwera m'bwato. Anaona madzi oyererawo, madeya ali phala. Anaima.

"Achemwali, lata lili kuti? Yamwa madzi awa?"

"Yamwa. Bwanji?"

Nthabwala ija ya pachiwaya inamubwerera. Ng'ombe kudya saladi. Koma kodi inali nthabwala chabe, kapena alangizi ananenadi? Nanga viniga wake wochuluka bwanji? Dafuleni kunalibe, foni yake inali yozima kumaliro. Zuze anayang'ana mpeni, anayang'ana njinga.

"Bambo, ndiyese kaye viniga."

"Wapenga? Ikafa yokha ndani agule nyama yake? Titaya ng'ombe, titaya mwana, titayanso nyama! Cheka!"

"Bambo, ndikacheka ndacheka awiri."

Anaponya mpeni pansi. Anamasula chigubu, anathira viniga m'botolo, anakweza mutu wa ng'ombe pabondo pake n'kulowetsa botolo cha m'mbali mwa kamwa. Ankathira pang'onopang'ono, chifukwa ankadziwa kuti akathira mofulumira zipita kumapapo ndipo aipha yekha. Botolo loyamba, lachiwiri, mpaka chigubu chinatha. Esinta ankathamanga kumjigo ndi ndowa, kubwera, kupitanso, madzi ozizira akutsatira viniga. Kenako panalibe china chochita. Anakhala pansi m'matopemo, atatu onse, chiperoni chikuwanyowetsa, akuyang'ana nthiti za ng'ombe ngati zikwerenso. Mpweya uliwonse unkaoneka ngati womaliza. A Alufandika sanamuyang'ane Zuze ngakhale kamodzi, ndipo Zuze ankadziwa kuti ikafa, bambo ake sadzamukhululukira.

Dzuwa silinkaoneka, sindingakuuzeni kuti anadikira nthawi yaitali bwanji. Koma kenako Chitsalira anageya. Kugeya kwake kunamveka mpaka kwa aneba. Anageyanso, mimba inayamba kuphwa, kunjenjemera kunachepa. Madzulo anapinda miyendo n'kukhala ngati ng'ombe. Zuze anatola mpeni wake, anaupukuta, n'kubwerera kumsika kukagulitsa tchipisi zopanda viniga.

Dafuleni atabwera, pakhomo panali moto.

"Ndani anachotsa lata? Esinta, ukufuna kundiphera ng'ombe chifukwa cha nsanje?"

"Achimwene, munandiuza kuti muli feteleza? Mukanatsegula pakamwa ndikanavundikira ndi chitenje changa chomwe."

Mayi Chikadza atamva anabwera kudzaona. Anapempha Dafuleni kuti atape yureya monga ankachitira. Atatapa, mayiyo anagwira pakamwa. Anaika kadzanja kawo pambali pa lake, ndipo panalibe wofunika kufotokozera. Koma atafunsidwa kuti chomwe chinagwetsa ng'ombe n'chiyani, dzanja kapena lata, anakana kugamula. Anati mwina dzanja lokha silikanaigwetsa, mwina madzi okha a muyezo woyenera sakanafika pamenepo, iwo sanganame.

A Alufandika analamula kuti feteleza pakhomo pawo azipita kumunda basi. Dafuleni zinamuwawa. Anati ngati nzeru zake zakhala poizoni, ndiye madeya akenso ndi poizoni, ndipo anabwerera ku njerwa zake.

Apa ndiye panatsala Esinta yekha, ndipo chilimwe chenicheni chinali chisanayambe. Chisanu chinatha, kunabwera dzuwa la kuchigwa lija loti ngakhale abuluzi amabisala. Mantha oyamba anali a mwana wa m'mimba. Kodi poizoni uja anamusiya wamoyo? M'mawa uliwonse Esinta ankaika dzanja pamimba ya ng'ombe, n'kudikira, osamva kanthu. Bambo ake ankamuyang'ana ali pakhonde, iye n'kupukusa mutu. Sabata inatha choncho. Tsiku lina anamva kugunda pansi pa chikhatho, ndipo analira mokweza mpaka ana ake anathamanga kudzaona chomwe chamuluma.

Anayamba kutapa mulu uja, pang'onopang'ono, masangwi osakaniza ndi mapesi oduladula. Masangwi atatha analowa makoko a nandolo. Makoko atayamba kuchepa, mitengo ya msangu inayamba kugwetsa zipatso zake zopotana zija, ndipo Esinta ankadzuka mbandakucha kukalimbirana ndi mbuzi za mudzi wonse. Mbuzi zimathamanga kuposa mayi wa ana awiri. Minga inamulowa m'mapazi mpaka chidendene chinatupa, koma ankapitabe, chotsimphina. Ankasinja zipatsozo mumtondo, n'kuwonjezera masamba a mtengo wa lukina omwe ankapempha kudimba kwa anthu. Okutobala anatha, mitambo inkasonkhana masana n'kubalalika madzulo. Thumba lomaliza la makoko linafika pakati, kenako pansi. Esinta anayamba kulikung'untha.

Mvula yoyamba itagwa, Chitsalira anabereka. Linali thole lalikazi, lofiirira, lamiyendo yolimba, ndipo linaimirira n'kuyamwa dzuwa lisanapendeke.

A Alufandika anasangalala tsiku limodzi lokha. M'mawa mwake ana atatu anali pakhonde.

Dafuleni anati, "Bambo, ng'ombeyi inali itagona, yosadzuka. Ndinaidzutsa ndi mapewa angawa, ndinameza fumbi la kuchigayo. Popanda ine ikanafa mu Juni, awa sakanapeza choti apulumutse. Ndi viniga yemweyo, anamva kwa ndani?"

Zuze anati, "Bambo, mpeni unali pakhosi, ndipo munalamula ndinu. Ndikanakumverani, lero tikanakhala tikukamba za chikopa. Ine ndinataya nyama yomwe inali kale m'manja mwanga. Awiriwa ndi amene anaigwetsa, wina ndi dzanja, wina ndi lata. Ine ndilibe mlandu."

"Unabwera kudzaipha," anatero Dafuleni. "Ndipo chilimwe chonse unagwira ntchito tsiku limodzi."

Esinta anadikira kuti amalize. Kenako anavula nsalu yomwe anamanga kuphazi.

"Bambo, munati amene aipulumutse mpaka ibereke. Achimwene anaisiya mu Julaye atakwiya. Zuze anabwerera kumsika tsiku lomwelo. Pobereka panali ndani? Lata ndinachotsadi, sindikukana. Koma masangwi omwe ndinavundikira ndi omwe anaisunga miyezi yonseyi."

"Thole la bambo lipite kwa mwana wamkazi, mawa akakwatiwe nalo kwina?" anatero Dafuleni.

"Pomwe ndinkalimbana ndi mbuzi simunaone kuti ndine wamkazi."

A Alufandika anayang'ana uyu, anayang'ana uyo. Aliyense akamalankhula ankaona kuti akunena zoona, mpaka winayo atatsegula pakamwa. Anayesa kunena kuti thole likhale la onse atatu. Onse anakana, ati mawu anali oti mwana wake ndi wake, osati wawo. Anayesa kunena kuti ena adikire mabere otsatira. Anafunsana kuti woyamba ndani, nanga ndani akudziwa ngati ng'ombe yomwe inamwapo poizoni idzatenganso bere. Mkulu uja anagwira njakata. Anati adzagamula thole likasiya kuyamwa, poganiza kuti mitima idzakhala itazizira.

Mitima sinazizire. Dafuleni anasiya kudya tchipisi kwa mng'ono wake. Esinta ndi Dafuleni akakumana panjira ankapatsana moni wa alendo. Dzinja linadutsa, thole linakula, linayamba kubudula msipu, ndipo a Alufandika tsiku lililonse ankati agamula mawa.

Tsopano mvula yasiya. Anthu akumba mtedza, ndipo masangwi ali mbwee m'minda, anyamata a mbewa akuyendayenda ndi machesi. Esinta akuwadutsa osawerama, akuti sangathyokenso msana chifukwa cha thole la munthu wina. Dafuleni sanapite kuchigayo. Zuze akukazinga tchipisi zake. Kuseri kwa khitchini kulibe ngakhale mtolo umodzi, ndipo m'khola muli pakamwa pawiri. A Alufandika akhala pakhonde ndi chingwe chatsopano pamiyendo, chomangira thole, ndipo akudziwa kuti yemwe amupatse ndi yekhayo amene adzadzuke kukasaka chakudya, awiri enawo mwina sadzapondanso pakhola.

Ndiye ndikufunseni inu amene mwamva nkhaniyi. Chingwechi achipereke m'manja mwa ndani: Dafuleni amene anaidzutsa, Zuze amene anakana kucheka, kapena Esinta amene anaifikitsa pobereka? Musayankhe nonse nthawi imodzi, koma musachedwenso, chifukwa m'mawa wa lero mwera wayamba kuwomba. Inuyo mukanapatsa ndani?